Kachitsulo ka mu msana wa Zuze

Lachinayi madzulo. Kwatentha tsiku lonse, ndipo mtima wanga suli m'malo.

Zuze, mnzanga amene ndinadula naye nzimbe zaka zambiri, wabwerako ku Blantyre. Matenda athu ndi amodzi: mitsempha inapanikizika m'munsi mwa msana, tikangoyenda pang'ono miyendo imachita dzanzi. Kuchipatala tinapitira limodzi. Iye anamuika kachitsulo pakati pa mafupa kuti mitsempha ipeze mpata. Ine adokotala anangoti, "Shuga wanu atsike kaye, bambo."

Lero ine ndi mkazi wanga, mayi a Esinati, tinapita kukamuzonda, ine chowerama, nditatsamira njinga. Tinamupeza ataima njo!

"Shamwali, dzulo ndinafika kumsika wapansi, osapuma," anatero.

Ndinaseka, ndikuti Mulungu ndi wabwino. 

Pobwerera anatiperekeza. Iye ndi mkazi wanga anatsogola akucheza, ine ndinakhala pachitsa kudikira kuti dzanzi lithe. Anakafika pamlatho asanazindikire kuti ndatsala.

Zuze sindimufunira choipa, anavutika ngati ine ndemwe. Kungoti mayi a Esinati, zaka zonsezi tili limodzi, akanangocheuka kamodzi kokha...