Jekete la Abambo

Golomoti,
Dedza.
2 Sepitembala 2012

Okondedwa achemwali a Fagness,

Ndikhulupirira kuti muli bwino kumeneko ku Mzuzu pamodzi ndi alamu, ndi kamwana kaja kamene mpaka lero tangokaona pachithunzi. Kuno tilipo ndithu. Amayi miyendo ikuwavutabe, koma akudya, ndipo kulongolola sanasiye, ndiye musade nkhawa. Ndalemba kalata m'malo moimba foni chifukwa nkhani yanga ndi yaitali, komanso ndikufuna muimve kwa mwiniwakene isanakufikeni ndi amayi ogulitsa mpunga aja, amene nkhani ikamatsika nawo basi imakhala itathiridwa kale mchere ndi tsabola.

Nkhani yake ndi iyi: abambo aang'ono a Januario ndawachititsa manyazi pamaso pa khamu la anthu, ndipo sindikupepesa.

Inu munabwerera ku Mzuzu maliro a abambo atangotha, ndiye zina munangozimva. Ine ndinaziona. Mutangokwera basi, a Januario anabwera pakhomo ndi mawu okoma, akuti puloti ya mpunga ya mkulu wawo kusikimu yothirira ya Bwanje ayamba alima ndi iwo kufikira ine nditakula, poti mkazi wamasiye sangalimbane ndi matope. Anatenganso njinga. Anatenganso jekete lakuda lija, lokhala ndi chigamba pachigongono chimene amayi anasoka ndi ulusi wofiira poti wakuda unasowa. Nthawi imeneyo ndinali kupulayimale. Lero ndikulowa Folomu 4, ndevu zayamba kuonekera, koma kwa a Januario sindinakulebe. Zaka zonsezi amayi akhala akuchita maganyu m'mapuloti a eni ake, masiku ena pa puloti yogundizana ndi yathu, akuona mpunga wa mwamuna wawo ukulowa m'matumba a munthu wina. Ndipo Lamulungu lililonse a Januario ankaimirira kutsogolo m'katchalitchi kathu kapamudzi, atavala jekete la malemu, n'kukhosomola kaye, "Ehem! Abale ndi alongo, tikondane," kenako n'kuwerenga zolengeza. Ine kutchalitchi ndinasiyira pomwepo.

Tchuthi chitayamba, kunabwera a Pius, mnyamata wophunzira za unsembe kuseminale, akuyenda khomo ndi khomo kusonkhanitsa achinyamata. Anati tizikumana kumishoni ku Mua kupemphera, tiziphunzitsa ana nyimbo m'midzi, Lachinayi lililonse tizikagwira ntchito kwa okalamba ndi amasiye, ndipo pomaliza padzakhala tsiku lalikulu la makwaya ndi masewero. Zonsezo zinandidutsa ngati mphepo, koma atati masewero, makutu anga anaima. Mukukumbuka momwe munkanditsinira chifukwa chotsanzira mayendedwe a aphunzitsi anu? Luso limenelo silinathe. Ndinalembetsa dzina tsiku lomwelo, amayi n'kuthokoza Mulungu kuti mwana wawo watembenuka mtima. Sanadziwe kuti ndikupita kukanola mpeni.

Koma achemwali, kumeneko kunandichitikira chinthu chimene sindinachikonzekere. Ndinasangalala. Tinkayenda wapansi mpaka ku Mtakataka tikuimba, fumbi lili koboo, mtolo wa nzimbe ukuyenda pamapewa mosinthana. Tsiku lina tinakafolera nyumba ya agogo ena osaona, ndiye Bizeki, mnyamata wathu woimba ng'oma, wonenepa ngati thumba la chimanga, anaumirira kukwera padenga. Denga linamumeza, anakagwera m'nyumba pakati pa nkhuku, ndipo agogowo anafunsa ngati amene wagwayo ndi mngelo kapena ng'ombe. Ndinaseka mpaka nthiti kuwawa, kuseka kumene ndinali ndisanasekepo chimwalirire abambo. Tikatha ntchito tinkakhala pansi mozungulira, aliyense n'kutchula chimene akufuna timupempherere. Ine ndinkangoti zii, koma anzangawo ankanditchulabe dzina m'pemphero. Nditagwa ndi malungo anabwera onse, atsikana kutungira amayi madzi, anyamata kuwaza nkhuni, n'kuimba panja mpaka ndinatuluka ndi bulangete kukakhala nawo. Kunena zoona, chimwemwe chimenechi chinkandikwiyitsa, chifukwa ndinkaona kuti chikundifewetsa mtima ntchito yanga ndisanaigwire.

M'gululo munalinso Lydia, mwana wa a Januario, mlongo wathu amene tinasiya kuyankhulana naye chaka cha maliro. Ndinkamulambalala ngati minga. Tsiku lina panjira anathyola nzimbe pabondo n'kundiloza nayo.

"Achimwene, mulandira, kapena mukudikira kuti ndigwade?"

Ndinalandira. Kuyambira pamenepo tinkacheza, koma za puloti palibe anatchulapo.

A Pius anati sewero lathu likhale lophunzitsa anthu kusamala amayi amasiye, ndipo anandisiyira ine kuti ndilipeke. Ndinapeka la munthu wina dzina lake a Tikondane, wolira kwambiri pamaliro a mbale wake kwinaku maso ali pakatundu. Pokonzekera ndinkadziletsa, osaonetsa mayendedwe kapena mawu a mwiniwake, kusungira tsiku lenilenilo. Koma tsiku lina ndinatengeka, n'kukhosomola kukhosomola kuja. Lydia anandiyang'ana, kenako n'kuyang'ana pansi. Titamaliza a Pius ananditengera pambali.

"Ephraim, sewero ndi lophunzitsa, si lobayira munthu."

"Nanga amene anabayidwa kale azikadandaula kuti, a Pius?"

Iwo anati, "Dzina la munthu usatchule. Zinazo ukambirane ndi Mulungu wako." Dzina sindinatchule. Za kukambirana ndi Mulungu ndinaziika pambali kaye.

Tsikulo linali Lamulungu lapitali. M'mawa tikusonkhana kuseri kwa holo ku Mua, Lydia anabwera ndi jumbo n'kundipatsa. Nditasuzumira ndinaona chigamba cha ulusi wofiira.

"Ndinalichapa dala dzulo kuti asalivale," anatero. "Si lawo. Ine mpunga wa puloti ija ndaudya zaka zonsezi, ndipo umanditsamwa. Valani, achimwene."

"Ukudziwa zimene akakuchite?"

"Ndikudziwa. Valani."

Misa itatha anthu anadzaza bwalo. A Januario anakhala pabenchi yakutsogolo pakati pa akuluakulu, atavala malaya oyera okha. Ine ndinatulukira nditavala jekete, mimba patsogolo, manja kumbuyo, n'kuima pakati pa bwalo. "Ehem! Abale ndi alongo, tikondane." Achemwali, bwalo linaphulika! Amayi ena anagwa chagada ndi phwete, ana akulumphalumpha, mitu yonse ikutembenukira kubenchi yakutsogolo. Poyamba a Januario ankaseka nawo, kuseka kwa mano okha. Kenako ndinakweza chigongono dala pamaso pawo, anaona chigamba, ndipo kuseka kunauma. Ine ndiye ndinachita kunyanya. Ndinalira pamaliro ndi diso limodzi, lina likuwerenga nkhuku. Ndinanyamula khasu la wamasiye, mphasa yake, ngakhale chipande, chilichonse ndikunena kuti ndikungomusungira. Sindikubisirani, zinanditsekemera kuposa nzimbe zonse zimene ndinadya tchuthi chino.

Chinthu chimodzi chokha sindinachiganizire. Amayi sindinawauze kanthu, ndipo ndinaiwala kuti ndatalika ngati abambo, nkhope n'kukhalanso yawo yomwe. Amayi anali atakhala pansi kumbali ya azimayi. Nditatembenukira kumeneko, anadzuka ndi miyendo yawo yovutayo, manja kumutu.

"Abambo a Fagness ine! Mwabwera kudzaona zimene andichita?"

Analira maliro enieni, achemwali, ngati tsiku lija, akutchula chimodzichimodzi: puloti, njinga, maganyu, njala ya chaka chija munatitumizira ufa. Kuseka konse kunatheratu. Ine ndinangoima pakati pa bwalo, jekete likundilemera, mawu a sewero atandithawa. A Januario anadzuka n'kudutsa bwalo lonse okha, popanda ndi mmodzi yemwe wowayankhula. Ndinkafuna awawidwe, ndipo anawawidwa. Koma amayi sindinafune kuwaliza choncho, ndipo zimenezo ndikuziikanso pamutu pa a Januario omwewo.

Dzuwa lisanalowe Lydia anafika pakhomo pathu ndi kamtolo ka zovala. Abambo ake anamuponyera katundu panja, akuti apite kwa abale ake atsopanowo. Amayi sanamufunse kanthu. Anamuyang'ana, n'kulowa m'nyumba kukamuyalira mphasa yanu.

Lachiwiri gulu linakumana, ndipo ndinapita ndikudziwa kuti andithamangitsa. Apa m'pamene ndinazindikira kuti ndikuopa kutaya anthu amenewa kuposa momwe ndinkaganizira. Bizeki, amene sindinamuonepo atakwiya, anandiloza chala.

"Iwe watigwiritsa ntchito ngati makasu. Ife timati ndiwe mnzathu, pamene iwe unali ndi zako mumtima. Bwanji sunatiuze? Masiku onse aja timafunsana zopempherera, iwe kukamwa kuli tseke!"

Ndinawauza zonse kuyambira pachiyambi, ndikulira ngati mwana pamaso pa atsikana. Nditamaliza, a Pius anafunsa ngati palibe chachitika, "Lachinayi lomalizali tikagwira ntchito kwa ndani?"

Anayankha ndi Bizeki yemweyo, nkhope ili yokwinyabe. "Kodi amayi a Ephraim si amasiye? Tchuthi chonse takhala tikudumpha khomo lawo. Tikawalimire puloti yawo."

Lachinayi tinapita ndi makasu paphewa, tikuimba kuchokera pamsewu mpaka kusikimu. A Januario chikololereni mpunga anali asanadzalemo kanthu, munali ziputu zokhazokha. Tinalowamo. Alimi a m'mapuloti oyandikana anasiya ntchito kumationera, ena n'kubwera ndi makasu awo. Dzuwa litakwera tinaona a Januario akubwera panjinga ya abambo. Nyimbo inazima. Anatsika n'kuima m'mphepete mwa ngalande. Ine ndinagwiritsa mpini, ndipo Mulungu andikhululukire, ndinkalakalaka atayerekeza kulowamo. Anayang'ana gulu lonse, anayang'ana alimi aja, kenako maso awo anaima pa Lydia, amene sanasiye kulima ngakhale pang'ono. Poyankhula, sanayang'ane munthu.

"Mbali ino madzi amatsegula Loweruka m'mawa. Mukachedwa akudutsani."

Anakwera njinga n'kumapita. Kupepesa kwawo konse kunali komweko.

Dzulo tinalawirira, ndipo ndinatsegula ndekha madzi kulowa m'puloti ya abambo. Amayi anavula patapata n'kuima m'madzimo mpaka tinachita kuwakoka. Tadzala chimanga, kuti chidzatuluke nthawi yookera mpunga isanafike.

Musaganize kuti nkhani yatha. Njinga ikadali kwa a Januario, mpunga wa zaka zonse zija anadya, ndipo iwo sanabwere kudzamuona mwana wawo. Ine sindinawakhululukire. Lero ndinapita kutchalitchi chapamudzi koyamba, ndinakhala poti andione bwino. Zolengeza anawerenga munthu wina, iwo ali kumbuyo pafupi ndi chitseko. Nthawi yopatsana moni wa mtendere ndinagwira chanza aliyense, koma nditafika pa iwo dzanja langa linalowa m'thumba. A Pius, amene anabwera kudzatsanzika poti akubwerera kuseminale, anaona. Potuluka ndinawauza kuti dzanja limeneli Mulungu akalifuna achite kulitulutsa yekha. Anaseka, n'kunena kuti bola ndizibwera nalo kutchalitchi, Mulunguyo asamavutike kulisaka. Ndizipita ndithu. Gulu lathu silikutha, tagwirizana kuti tizikumana Loweruka lililonse, ndipo Bizeki wayambanso kundiseka, ndiye kuti mkwiyo wake watsika.

Ndili ndi zopempha ziwiri. Sukulu ikutsegulidwa mawa, koma yunifolomu ya Lydia inatsalira kwawo, ndipo iye wakana kukaipempha. M'sutikesi yanu yakale muli siketi yanu yakusekondale ija. Amayi akuti sangaipereke popanda mawu anu, ndiye imbani foni kwa aneba mungoti inde. Chachiwiri, bwerani pa Khirisimasi ndi mwana, mudzadye mondokwa wa m'puloti ya abambo. Mukadzamupeza Lydia pakhomo, musadzamuyang'ane ndi maso amene mumayang'anira abambo ake. Ine ndinangovala jekete, koma amene anataya kwawo ndi iye.

Mwina mukufunsa kuti jeketelo lili kuti. Tsiku la sewero lija, titafika kunyumba, ndinalipereka kwa amayi. Analilandira ndi manja awiri, anasisita chigamba chija, kenako anaika nkhope pakolala n'kununkhiza nthawi yaitali. Atadzutsa mutu anati, "Fungo la abambo ako linatha kalekale. Muno mwangotsala sopo." Analipinda n'kuliika pansi pa sutikesi. Puloti yabwerera, njinga mwina idzabwerera, koma ichi a Januario sangabweze, ndipo n'chimene chikundisunga dzanja m'thumba.

Amayi akupereka moni wambiri, akuti mwana muzimuveka chipewa poti kumeneko kumazizira. Bizeki akuti ndikupatseni moni ngakhale simumudziwa, poti mlongo wa Ephraim ndi mlongo wa gulu lonse. Moni kwa alamu. Lydia ali pompano akusankha nyemba, ndipo ndamufunsa ngati ali ndi mawu. Waganiza nthawi yaitali, kenako wati ndikufunseni ngati mungamulole kukutchulaninso achemwali.

Ndine mlongo wanu wokukondani,
Ephraim