Kathumba ka Atate Kali ku Tchalitchi

Lachinayi madzulo. 

Ambuye, ndikhululukireni, ndinaba. Lamlungu abusa anati tibweretse zinthu zonse zomanga mabanja athu, zikatenthedwe Lachisanu pa mapemphero a kumasulidwa. Ine ndinatenga kathumba kobiriwira kamene atate anabwera nako kunkhondo ali msilikali. Ndi kosokedwa pakamwa, ndipo atate amakuwa kutulo, choncho ndinkayesa chithumwa. Sindinakatsegule, ndinkaopa. Ndinangokaponya m'saka la kutchalitchi pamodzi ndi mikanda ya anthu ena.

Lero masana atate anatsegula bokosi lawo kuti apukute jombo zakale. Anafufuza, nafufuzanso.

"Iwe Esinati, wakaona kathumba kanga?"

Ndinati ayi. Tchimo lachiwiri.

Anakhala pansi, jombo ili m'manja. "Muli zipolopolo zinayi mmenemo. Zinali m'thumba la mnzanga Mwanza tsiku lija ndinamunyamula atafa. Sindinabweze. Apolisi akamva, ndamangidwa ine. Ndipo wina akakataya pamoto, mayo ine, ziphulika."

Motowo ausonkha mawa masana kuseri kwa tchalitchi ku Nangongwe. Ife akwaya timaima pafupi penipeni, manja m'mwamba, maso otseka.

Ndikanena zoona, ndapereka atate. Ndikakhala chete, wina avulala chifukwa cha ine.

Makiyi a kachipinda kosungira saka ali ndi ba Mulenga, dikoni wathu, ndipo munthuyo amafunsa chilichonse. Kukacha ndipita kwawo, ndatsimikiza. Koma akandiyang'ana n'kuti, "Shani, bwanji mlongo, mukufuniranji za Satana?", Ambuye, ine ndikati chiyani?