Masamba Amene Sindinawaone

Mzuzu
9 Okutobala 2008

Okondedwa achemwali a Belita,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga mwendo wa amayi uja unaphwa? Ine kuno thupi lili bwino, koma mtima ndiye ayi.

Alamu a Laston anandiuza pafoni uthenga wanu, woti ndikagwade kwa abwana ndisataye ntchito. Achemwali, mwamva mbali imodzi. Imvani yanga, kenako mundiweruze.

Bungwe lathu lokumba mijigoli linalandira timakina kuchokera kwa azungu, amati jipiesi. Ndi kagalasi kowala, kokulirapo kuposa foni, ndipo amakamata pagalasi lakutsogolo la galimoto. Kamajambula msewu, kamuvi n'kumakulozera kolowera. Poyamba ndinkanyada nako, ndisaname. Koma kuti uone kamuviko uyenera kuchotsa maso pamsewu.

Masabata awiri apitawa tinali ku Mzimba, mumsewu wafumbi, ine ndi abwana anga a Sylvester. Iwo ali pafoni anandiuza kuti ndiyang'ane kamuvi chifukwa pokhotera payandikira. Ndinayang'ana, dzuwa linkathwanima pagalasipo, ndinayang'ananso. Pamsewu anali atayala masamba a maliro, ine osawaona! Ine amene ndinayala masamba ndi manja angawa ku Jenala tsiku limene tinaika bambo, ndinaponda a eni ake ndili pa liwiro.

Podzutsa mutu, msewu wonse anthu okhaokha, akupita kumanda. Ndinaponda buleki, galimoto inayenda chambali. Onyamula anabalalika, bokosi linagwa pansi. Linali la mtsikana, achemwali. Fumbi langa linakwirira anamfedwa. Kuti sindinagunde munthu, Mulungu yekha ndiye akudziwa.

A Sylvester anakweza magalasi a galimoto, osatsika. Ine ndinatsika, ndinavula chipewa, ndinagwada. Ndinkayembekezera zibakera, ndipo akanandimenya bwenzi zili bwinoko. Bambo a mwanayo anangondifunsa, m'Chichewa chawo chothyokathyoka, ngati kwathu anthu safa. Mawu amenewo akundilasabe mpaka lero. Ndinanyamula nawo bokosilo mpaka kumanda, abwana akudikira m'galimoto.

Pobwerera ndinamatula kagalasiko n'kukaika pansi pa mpando. Ku ofesi ndinanena kuti ngati abwana akukafuna, azikagwira iwowo pamiyendo n'kumandiuza pakamwa. Ndikakhala ndekha ndiziima pambali, ndione, kenako ndipitirire, apo ayi ndizifunsa anthu njira monga timachitira tonse. A Sylvester anati iwo si kondakitala wa minibasi, kuimaima n'kutaya nthawi, ndipo wolakwa ndi dalaivala osati makina. Ha! Ndani wakana? Wolakwa ndine, n'chifukwa chake sindikufuna kulakwanso. Maso ndili nawo awiri, koma onse amayang'ana kumodzi.

Tsopano andipatsa kalata yoti pofika Lolemba kagalasiko kakhale katabwerera pamalo pake, ndikakana ndisiye makiyi. Madalaivala anzanga akundiseka, akuti Mlomwe wakumudzi akuopa kanema. Aseke, mano ndi awo. Iwo sanamve kulira kwa bokosi likugwa pansi.

Ndikudziwa mukuganizira amayi, mukuganizira Peggy mkazi wanga ndi ana. Inenso mantha ndili nawo, sindikubisirani. Zaka khumi ndi ziwiri ndili pachiwongolero, ndipo ntchitoyi ndimaikonda. Koma chimene mukufuna n'chiyani? Ndibwere wopanda ntchito, kapena mudzamve kuti ndili kundende ndapha mwana wa munthu chifukwa ndimayang'ana kamuvi? Kugwada ndinagwada kale pamene panayenera, pafumbi paja. Kwa a Sylvester sindigwada, ndipo kagalasiko sindikabwezera.

Pempho langa ndi limodzi. Njinga yanga ili kwa alamu ija asaigulitse, aikonzetse mabuleki ndi matayala. Nandolo wa anthu ndikhoza kumanyamulanso kupita naye ku Migowi ngati kale, miyendo ikadalipo. Amene ankandiweramira pondiona ndikutsika galimoto ya bungwe adzazolowera kundiona ndi thukuta.

Mundiperekere moni kwa amayi, kwa amalume, kwa alamu ndi kwa ana nonse. Peggy ndamulembera payekha. Kalatayi ikamakupezani Lolembalo lidzakhala litadutsa, mwinanso ndiyamba kufika ndine. Anthu akamanena kuti Amosi amuchotsa ntchito, musazolike nkhope kutchalitchi. Muwauze kuti makiyi anakatula yekha patebulo, m'manja mwake mulibe magazi.

Tsalani bwino,
ine mlongo wanu,
Amosi