Dzina Langa pa Mndandanda wa a Fanuel

Lamulungu, 5 Meyi 2024

Bambo Mfumu abwera lero, koyamba chichokere Pasaka. Tchalitchi chodzaza mpaka pakhomo. Maluwa a pa guwa ndakonza ine, nsalu ndasita ine. Nthawi yolandira Ukaristia itakwana, ine phee pa benchi langa lomwe lija, kupinda mawondo kuti anzanga adutse. Chaka cha khumi ndi chimodzi ichi, kuyambira pomwe ndinalowa m'nyumba ya a Hashim popanda ukwati wa kutchalitchi. Iwo Msilamu, ine Mkatolika. Sindidandaula za iwo ayi. Koma Ukaristia ndaulakalaka, abale.

Misa itatha ndatenga tinsalu topukutira chikho. Kutsukuluza kaye m'beseni lakelake, madziwo kukathira pansi pa mtengo, osati kunyanja, osati kudzala. Kenako sopo. Mu komiti yathu yokonza m'tchalitchi palibenso wina amene amachita bwino. Mayi Eveles tsiku lina anangotiponya pamodzi ndi makatani, ndinachita kunjenjemera.

Chilengezo: pa 29 Juni Bambo adzadalitsa maukwati a anthu okhalira limodzi kale. Ofuna akalembetse kwa a Fanuel, wapampando wa komiti ya mabanja. Mtima gu gu gu.

Lachitatu, 8 Meyi

Usipa wochepa, wauma msanga. Ndaugulitsa wonse kwa amayi a ku Chitala.

Ndalembetsa. A Fanuel anandiyang'ana pamwamba pa magalasi: "Mayi Tionenji, kodi bambo akunyumba akudziwa?" Ndati eya. Bodza lenileni, pakhonde la tchalitchi. Ndine nambala seveni, womaliza.

Loweruka, 11 Meyi

Ndawauza a Hashim akusoka ukonde. Sanatukule mutu. Amvekere: "Amake Safia, ine ndinakuletsanipo kupemphera?" Zoona, sanandiletsepo. Denga la tchalitchi litasasuka chaka chija, misomali anakhoma nawo ndi iwowa. Ndafotokoza kuti sakubatizidwa, angoima pambali panga, avomere kuti ndine mkazi wawo, basi. Iwo akuti kumzikiti anthu samva za "basi", amangomva kuti Hashim walowa tchalitchi.

Ndakwiya, ndatsuka mbale zotsuka kale.

Lachinayi, 16 Meyi

Komiti yabwera kunyumba. A Fanuel, Mayi Eveles ndi a Masautso, mlembi. Ndinawapempha chinthu chimodzi chokha: pasakhale pemphero lalitali. A Fanuel ayamba ndi korona! Munthu Msilamu wakhala pa khonde lake, akumvera Tikuoneni Mariya makumi awiri. Ndimafuna nthaka ing'ambike.

Koma Mayi Eveles, amene ndimawanena aja, ndiwo apulumutsa zinthu. Anadula a Fanuel pakati n'kunena: "Bambo, ife sitinabwere kudzakutengani. Tabwera chifukwa mayiwa amatikonzera tebulo koma sadya nafe." Kenako a Hashim anafunsa tsiku.

Sanati eya. Angofunsa tsiku.

Lachisanu, 24 Meyi

Pochokera ku Juma kumzikiti a Hashim anachedwa. Kani anatsalira kuyankhula ndi a Shehe. Zomwe akambirana sanandiuze zonse. Angoti: "Ndidzalowa kamodzi. Sindigwada, sindidzilemba pamphumi." Ndati nanga ndani wakupemphani kugwada?

Ndathawira kuseri kwa thandala kukalira, nkhuku zikundiyang'ana.

Safia akufunsa ngati adzavale hijabu kapena diresi la maluwa. Ndati zonse ziwiri, mwana iwe, usandizunguze mutu.

Lamulungu, 9 Juni

Mapemphero opanda wansembe, atsogolera a katekisiti. Kenako maphunziro a mabanja pansi pa mtengo wa mango. Mabanja asanu ndi limodzi, ine ndekha wopanda mwamuna pambali. A Fanuel akuti palibe vuto, bola adzabwere pa tsikulo. A Masautso analemba mayina m'fomu, onse mofanana. Pa malo a ubatizo wa mwamuna anangojambula kamzere. Ndinafunsa ngati zili bwino choncho. Akuti Bambo adzaona okha.

Ndayamba kukonzekera kulapa. Zaka khumi ndi chimodzi, munthu uyambira pati? Ndalemba pa pepala, ndang'amba. Zambiri ndi mkamwa mwangamu.

Ndawakumbuka amayi. Anamwalira akundifunsa za nkhani yomweyi. Ndimangoti chaka chamawa, amayi.

Lachiwiri, 18 Juni

Mphepo ya mwera yavuta, maboti sanalowe masiku atatu. Anzawo a a Hashim akukamba zosamukira ku Nkhotakota, akuti kumeneko usipa ulipo. Iwo awauza kuti sachoka mwezi usanathe. Achimwene awo a Nasir akuwaseka, akuti akudikira kukaimba kwaya.

Diresi ndakatenga kwa telala ku boma. Yathina m'khwapa, koma ndilowamo ndithu, ifune isafune.

Lachisanu, 28 Juni

Tasesa, takolopa, tamanga makhwatha a kanjedza pakhomo. Mipando khumi ndi inayi kutsogolo. Ndinaiwerenga kawiri, wanga ndi wawo kumapeto, pafupi ndi zenera kuti apeze mpweya. Mayi Eveles akuti ndikapume, mkwatibwi sakolopa. Mkwatibwi wa imvi ziwiri! Taseka mpaka kutsamira tsache.

Mawa ndilandira. Ndalemba kuti ndione mmene zikuonekera pa pepala. Mawa ndilandira.

Loweruka, 29 Juni

Ayi.

Lolemba, 1 Julayi

Dzana sindikanatha kulemba.

Anabwera. Malaya oyera, kofia kumutu, nsapato zobwereka kwa a Nasir omwewo. Analowa anthu onse akuona, ena mpaka kuimirira. Misa isanayambe Bambo anakhala m'kachipinda kuona mafomu. Atafika pa yathu anaima pa kamzere kaja. Anatiitana tonse, ndi komiti yomwe.

Akuti Mkatolika akamakwatirana ndi munthu wosabatizidwa, pamafunika kaye chilolezo cha Ambuye Episkopi, cholembedwa. Fomu yathu inayenera kupita ku parishi mu Meyi, payokha. Popanda kalatayo iwo sangadalitse, ngakhale atafuna. Anayankhula mofatsa, anapepesa a Hashim powagwira dzanja. A Fanuel thukuta kamukamu: "Bambo, ife chiyambire sitinakhalepo ndi nkhani yotere, timayesa ndi chimodzimodzi." A Masautso maso pansi.

Ndinafuna kuwalalatira. Mawu anali pakamwa penipeni. Koma nditani nawo? Anthu ongodzipereka, a Fanuel anayenda wapansi kubwera kwathu ndi mwendo wawo wotupa uja. Salandira kanthu. Sanadziwe, basi. Komatu kusadziwa kwawoko kwagwera ine.

A Masautso anachotsa mipando iwiri mwakachetechete. Ndinaganiza kuti a Hashim atuluka. Sanatuluke. Anakhala nane kumbuyo Misa yonse, manja pa mawondo. Mabanja asanu ndi limodzi nthungululu. Nthawi yolandira, onse awiri tinapinda mawondo kuti anthu adutse.

Diresi yang'ambika m'khwapa.

Lachinayi, 4 Julayi

A Fanuel abwera ndi fomu yatsopano, akuti akaipereka okha ku parishi pa kabaza. Ndasayina. Kalata ikhoza kutenga mwezi, ikhoza kutenga itatu. Bambo adzabweranso kuno mwina Seputembala. Ndinawapatsa mpando, koma tiyi sindinawapatse. Ndidzalapa zimenezo pamodzi ndi zinazo.

Kudoko nkhani ili ponseponse. Akuti Hashim anakalowa tchalitchi, Akhristu n'kumukana. A Nasir sakusekanso, akwiya. Akuti banja lachita manyazi, m'bale wawoyo asadzapondekonso kutchalitchi. A Hashim sanandiuze kanthu, ndamva kwa Safia. Paja anati kamodzi. Kamodziko katha.

Sindinawafunse. Ndikuopa yankho.

Loweruka, 6 Julayi

A Hashim anyamuka m'mawa, boti la ku Nkhotakota. Mpaka Okutobala mwina. Ndinawanyamulira thumba la ufa mpaka kumadzi. Anthu ambiri, injini ikulira, malo oyankhulirana panalibe.

Atakwera kale anawerama n'kunena: "Kalata ija ikabwera mudzandiimbire. Nsapato ndidzagula zanga."

Kenako anafunsa, osati moseka ayi, amafunadi kudziwa: "Koma amake Safia, kamkate kameneka kamakoma bwanji kuti muzilira chonchi?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwauze. Boti linachoka ndisanayankhe. Njira yonse yobwerera ndakhala ndikuyesa kukumbukira, mpaka pano ndikuyesabe. Ndaiwala, Ambuye. Ndaiwala kakomedwe kake.