Botolo C lamera bwanji?

LOLEMBA

Chemwali 09:12
achimwene mabotolo atatu aja ndakonza. thonje pansi, nyemba pamwamba

Achimwene 10:05
gud. A pawindo, uzithira madzi. B mu kabati, uzithiranso. C pawindo koma OSATHIRA ngakhale dontho

Chemwali 10:07
ndamva. koma mwana wangayu Kadona sanayang'aneko n'komwe. chitulukireni m'chipatala ndi mwendo uja, buku safuna kuliona

Chemwali 10:09
alamu anu akuti mwezi ukatha asakuphunzira pakhomo pano, akakhale kwa azakhali ake poti sukulu ili pafupi. ndikuopa achimwene. ine telala, science ndinaidziwira kuti?

Achimwene 10:30
mupatse tepi yako aziyeza yekha, azilemba. usamukakamize

LACHISANU

Chemwali 07:48
zamera zonse zitatu. dzulo Kadona wayeza kawiri osauzidwa

Achimwene 08:15
zitatu? C yamera popanda madzi?

Achimwene 08:40
chemwali

Achimwene 12:02
ndikuona kuti wawerenga

LOWERUKA

Chemwali 06:55
malume ndine Kadona ndabwereka fon. NDAWAGWIRA

Chemwali 06:56
🎤 uthenga wa mawu, 0:41

Achimwene 07:20
kkkkk dikira ndimvetse. unaika kapepala kouma mu C, m'mawa wakapeza konyowa?

Chemwali 07:21
eya. ndinawazanso choko yawo yosokera pawindo. pali zala zitatu. za adadi ndi zazikulu, ndayeza

Achimwene 07:23
apatse mayi ako fon

Chemwali 07:44
ndine. musandiseke plz. nyemba kumafa ndi ludzu ine ndikusoka pomwepo, anzake akumwa? inandimvetsa chisoni. ndimangothira ka supuni kamodzi

Achimwene 07:45
ka supuni kamodzi kwa masiku angati

Chemwali 07:46
anayi

Chemwali 07:47
ndaononga zonse eti. ndinanena ine kuti sindingathe

Achimwene 07:52
experiment waononga, sindikunamiza. koma mwana waona chinthu chosamveka, wakana kungovomera, wafufuza mpaka wapeza umboni. kuno ndili ndi ana 60 mkalasi, ndimachita kuwapempha zimenezo

Achimwene 07:53
muyambirenso. iweyo utalikire botolo C

Chemwali 13:10
Kadona walemba mapeji anayi. mutu wake akuti Mlandu wa Amayi. wawakhazika adadi ake pa sofa ngati woweruza, iye wayima ndi ndodo zake kuwerenga

Achimwene 13:12
ndiye chigamulo?

Achimwene 14:30
?

Chemwali 16:18
sorry ndinali kubafa, ndimalira. chigamulo n'choti ndisayandikire windo sabata yathunthu

Chemwali 16:20
alamu anu atamaliza kuseka anawerenganso okha mapeji onse. kenako afunsa ngati nyemba ingamere ndi madzi a mchere. Kadona wati sakudziwa, ayese

Achimwene 16:21
za kwa azakhali?

Chemwali 16:25
sanazitchule. ali ku sinki akutsuka botolo lachinayi, Kadona akuwauza kuti sanatsuke bwino