Khoma Limene Mwana Wanu Waligwetsa

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi onse pakhomopo. Nanga mwendo uja ukukulolani kuyenda? Ine kuno ndilipo, kungoti dzino lakumanzere lija layamba kugwedera, moti ndikutafunira mbali imodzi. Ntchito yaulonda pamalo pomwe akumanga nyumba yosanja ija ikuyenda, ngakhale fumbi la simenti likunditsokomoletsa.

Khalani pansi, ndili ndi nkhani ya mwana wanu, mphwanga uja akumanga nawo nyumbayi. Musayambe kulira, imvani kaye mpaka kumapeto, pajatu ine nkhani sindiyambira kumchira.

Woyamba kundiuza anali mayi wogulitsa tiyi pageti. Lolemba, akundithirira tiyi, anandifunsa ngati ndikudziwa chifukwa chimene amisiri anzake akumutchulira mphwangayu kuti Mneneri. Ndinati ayi. Anati nthawi ya nkhomaliro iliyonse amapita kuseri kwa matumba a simenti, amatembenuza ndowa n'kukhalapo, n'kutseka maso ngati akumva mawu ochokera kumwamba. Ndinati kupemphera si mlandu. Iye anati n'zoona, koma pemphero lakelo limatuluka utsi wonunkha chamba. Anawonjeza kuti akapitawo alimva kale fungolo, ndipo anena kuti akangolakwitsa kamodzi, ntchito yatha. Inu mukudziwa kuti mpongozi wanu analumbira kuti sabwerera kuno ndi mwana pokhapokha mwamuna wake atatha chaka pa ntchito imodzi. Kwatsala miyezi iwiri yokha.

Dzulo masana ndinatenga ndowa yanga n'kukakhala pambali pake. Sindinamukalipire. Anadzidzimuka, koma anandifotokozera bwinobwino. Akuti mkazi wake atachoka tulo tinkamusowa, ndiye namwino wina kuchipatala anamuphunzitsa kukhala chete, msana utawongoka, n'kumawerenga mpweya wake, kulowa ndi kutuluka, mpaka khumi, kenako n'kuyambiranso. Zinamuthandiza ndithu. Koma akuti maganizo ankamuzungulira ngati ntchentche, ndiye anapeza yekha kuti akakoka kamodzi kawiri, ntchentchezo zimathawa utsi. Akatero mutu umawongoka ngati chingwe chomangira, ndipo akadzuka pandowapo amaona chinthu chilichonse mmene chilili.

Ndinamuuza zanga zija mukuzidziwa, pamene ndinamwa mabotolo awiri kuti ndikasinkhesinkhe mozama m'tchalitchi. Ndinaona kuwala kwakukulu, ndikumva mapiko akupupa, koma kunali kuti ndagona pabenchi, ndipo mayi wosesa watsegula chitseko n'kumasesa ndi tsache lake. Mphwangayu anaseka mpaka kutsamwa, koma anati zake n'zina, mowa umagonetsa pomwe izi zimadzutsa munthu.

Ndiye ndinamupempha chinthu chimodzi. Ndinamuuza kuti poti diso lake lawongoka chotero, andipatse levulo yake yoyezera kuwongoka kwa khoma ndimusungire, amange khoma la pamakwerero ndi diso lokha monga ankachitira malemu bambo ake, ndipo tidzaliyeza m'mawa asanayatse kalikonse. Anandipatsa mokondwera. Anayala mizere isanu ndi umodzi ya njerwa akuimba mluzu, uku akubwerera m'mbuyo n'kumagwedeza mutu, kusirira ntchito yake. Anati ngakhale bambo ake akanavula chipewa. Kunena zoona, poweruka mtima wanga unali m'malere, pakuti ndinali nditaika ntchito ya mwana wanu pamsampha ndi manja anga.

Lero m'mawa tinafika anthu asanabwere. Achemwali, khomalo linali ndi mimba ngati mbuzi ya bere. Levulo sinkafunikanso, komabe anaiikapo, ndipo kadontho ka m'kati mwake kanathawira kukona ngati kali ndi mlandu.

Akapitawo atafika anangoyang'ana mothamanga, maso ali pa lole ya mchenga imene inkalowa pageti, n'kunena kuti palibe kanthu, pulasitala abisa. Ine mumtima ndinati tapulumuka, ndipo ndinamutsina mphwangayu kuti asatsegule pakamwa. Apa ndiye ndikuvomera kuti wamkulu anali iye, osati ine. Anawauza akapitawowo kuti pulasitala amanamiza maso koma sanyamula makwerero, ndipo pamenepo pazidzadutsa ana a anthu. Anati analimanga atasuta, popanda levulo, ndipo akupempha kuti aligwetse alimangenso. Ngati n'kumuchotsa ntchito, amuchotse khoma litawongoka.

Akapitawo anamuyang'ana, n'kuyang'ana ine, n'kufunsa kuti levuloyo inali kuti. Ndinati m'thumba la jasi langa. Anapukusa mutu n'kunena kuti banja lathu ndi la amisala, kungoti wamisala wonena zoona sapezeka tsiku lililonse. Anamuuza kuti aligwetse, koma akadzamvanso fungo lija asadzadikire n'komwe kuuzidwa, adzangonyamula zida zake.

Analigwetsa njerwa imodziimodzi, akuzipala bwinobwino. Asanayambe kumanganso anatembenuza ndowa yake n'kukhalapo, popanda utsi. Ine ndinakhala pambali. Sipanathe mphindi zitatu, anatsegula diso limodzi n'kudandaula kuti ntchentche zabwerera zonse, ndipo yaikulu ikuyankhula ndi mawu a mkazi wake. Ndinamuuza kuti ntchentchezo n'zake, asazithamangitse, azimvetsere, pakuti ntchentche siibwera pomwe palibe chanunkha. Anatsekanso disolo, thukuta lili kamukamu pamphumi, koma anafika pa khumi kawiri konse. Khoma limene wamanga pambuyo pake, kadontho kangokhala pakati ngati akakhomera ndi msomali. Mayi wa tiyi uja anabwera kudzaona, ndipo anati tsopano Mneneri walosera zoona.

Sindikunena kuti wasiyiratu, pakuti ine za mawa sindizidziwa. Koma zimene ndaona lero ndaziona ndi maso angawa. Achemwali, munabala mwamuna.

Pempho langa ndi ili. Levulo yamatabwa ija ya malemu alamu anga ikadali pansi pa bedi lanu? Mwana wanu waifunsa yekha. Musaitumize pa basi. Mumuitane mpongozi wanu, amve kalatayi yonse osadumpha za chambazo, ndipo mumupatse levuloyo m'manja. Akafuna, abwere nayo yekha. Akakana, musamukakamize, aisunge mpaka miyezi iwiriyo ithe.

Mundiperekere moni kwa azakhali, kwa achimwene ndi akazi awo, ndi kwa kamdzukulu kathu kaja. Mukauze kuti bambo ake lero agwetsa khoma, ndipo agogo ake akuyenda mapewa ali m'mwamba.

Tsalani bwino.

Ndine mlongo wanu wolongolola uja.