Nyali ya m'Chipinda 7 ndi Khoma Lowauka

MSONKHANO WA KOMITI YA OKHALA MU MDADADA

Tsiku: Loweruka, 14 Juni
Malo: m'chipinda chochapiramo, pakati pa mabeseni
Opezeka: Wapampando, Msungichuma, a Mawailesi (chipinda 6), Mayi Telala (chipinda 7), a Kalipentala, Mlembi
Osapezeka: eni nyumba, amene anati tigwiritsenso ntchito kupepesa kwawo kwa mwezi watha

1. Kutsegula

Pemphero linali lalifupi chifukwa wina panja amadikira beseni.

2. Magetsi odutsa khoma

Wapampando anakumbutsa msonkhano kuti mawaya a m'chipinda 7 anapsa chaka chatha ndipo eni nyumba "akuiganizirabe nkhaniyo". Kuboola khoma n'koletsedwa. Kudutsitsa waya pakhonde kunaletsedwanso chigwereni Msungichuma atakodwa ndi waya. Choncho a Mawailesi, amene amakonza mawailesi, anakulunga waya wa kopa ngati nkhata ziwiri, ina kwawo, ina kwa Mayi Telala, zoyang'anizana, khoma la bolodi pakati.

A Mawailesi anafotokoza kuti nkhata yawo imatulutsa mphamvu ya maginito yomwe imadutsa khoma, inzakeyo n'kuisandutsa magetsi. Anati mphamvu yambiri imatayika m'njira, koma yotsalayo imayatsa nyali yowaunikira Mayi Telala posoka ndi kutchaja foni mwaulesi.

Msungichuma anafunsa ngati ingayendetse firiji. Ayi. Nanga ayironi? Ayi. Iwo anati ndiye chinthucho n'chopanda mphamvu, komanso mphamvu zake n'zoopsa. Mlembi anaphunzira zaka zambiri kuti azilemba ziganizo zomveka, koma ichi wachilemba momwe chinatulukira.

3. Pempho lochotsa chipangizocho

Msungichuma anati Lachiwiri anamva fungo la kupserera, ndipo khoma la chipinda 7 lada pamalo pa nkhata. Anapempha kuti chipangizocho chichotsedwe. "Ana anga amagona m'chipinda chosanja, pamwamba penipeni pa khoma limenelo," anatero. Apa palibe anaseka.

Wapampando anati chikachotsedwa, Mayi Telala abwerera kumakandulo pakati pa milu ya nsalu, kapena asiye kusoka dzuwa likapendeka, pomwe kusokako ndiye kudya kwawo.

A Mawailesi anati nkhata payokha siwaula khoma, pokhapokha chitsulo chitayandikira, ndipo anachenjeza kale. Mayi Telala anati nkhatayo imaoneka ngati chisa cha makoswe, makasitomala amafunsafunsa, ndiye anaiphimba ndi chithunzi cha malemu amuna awo. Felemu yake ndi yachitsulo. Zotsatirazi zalembedwa momwe zinayankhulidwira, popeza Wapampando analephera kulowapo:

"Achimwene, inu munati masupuni ndi sizasi. Za felemu simunanene."

"Koma mlamu, felemuyo ndi chiyani ngati si chitsulo?"

"Ndi amuna anga."

Wapampando anafunsa ngati sanazindikire kuti ikutentha. Mayi Telala anati anazindikira kalekale. Anati msana ukawawa ndi mashini amaimirira, n'kuika dzanja pachithunzipo, n'kuchipeza chofunda, ndipo sanaone chifukwa chokanenera zimenezo kukomiti. "Ndikudziwa kuti ndi magetsi, sindine mwana. Koma kufunda n'kufunda basi."

Mlembi akutsutsa mwamphamvu mphekesera zoti anapukuta m'maso. M'chipinda chochapiramo mumakhala sopo, ndipo sopo amaluma.

4. Chigamulo

A Kalipentala anadzipereka kupanga felemu yamatabwa, yomata ndi guluu, yopanda msomali ndi umodzi womwe. A Mawailesi aika kachipangizo kozimitsa nkhata ikayamba kutentha. Msungichuma apatsidwa ufulu wogwira khomalo ndi dzanja lawo nthawi iliyonse yomwe mtima wawavuta, malinga agogode.

Mayi Telala anafunsa ngati felemu yamatabwayo izidzafunda. A Mawailesi anazunguliza chipewa m'manja n'kunena kuti ayi.

"Chabwino," anatero Mayi Telala. "Ana agone bwino."

Onse anavomereza kuti nyali ikhale. Msungichuma anakweza dzanja mochedwa, koma linakwera.

5. Zina ndi zina

A Kalipentala anati akhoza kukatenga chithunzicho msonkhano ukangotha. Mayi Telala anapempha kuti abwere Lolemba, ndipo analonjeza kuti mpaka tsikulo aziyatsa kanthawi kochepa, ali pomwepo. Wapampando anafunsa ngati pali wotsutsa. Maso onse anapita kwa Msungichuma, amene anali otanganidwa kwambiri kuyang'ana mng'alu wa m'beseni. Wotsutsa sanapezeke.

Nkhani ya zinyalala palibe anali ndi mtima woiyambitsa.

Msonkhano wotsatira: Loweruka, 12 Julayi, malo omwewa. Msonkhano unatsekedwa nthawi ya 4 koloko madzulo.

Wapampando: ______________

Mlembi: ______________